Cinsault, País kapena Gamay: vinyo wofiira wa nyengo yotentha tigule uti

Alamu anga a ku Area 25 ananditumizira voice note mwezi wa Okutobala, nthawi ija dzuwa limachita kuswa mtengo, akuti "alamu, inu mumagwira ya mabotolo kumeneko, tandiuzeni zoona, vinyo wofiira yense amakhala wolemera chonchi? Ndamwa matambula awiri okha pa ukwati wa mnzanga koma mkamwa mwauma ngati ndadya nthochi yosapsa, thukuta lili kamukamu, tulo pompo." Ndinayamba ndaseka kaye ndekha mu taxi, kenako ndinawafunsa kuti pa botolopo panalembedwa chani. Shiraz, 14.5 peresenti, ndipo linakhala tsiku lonse pa tebulo mu tenti. Nde mukudabwa chani alamu.

Ine ndakhala ndikuperekera zakudya mu lesitilanti kuno ku Cape Town kwa zaka ndithu, ndinayambira kotsuka mbale, ndipo za vinyo ndinaziphunzira mokakamizidwa chifukwa kasitomala akakufunsa kuti nsomba iyi ikuyenda ndi chani iwe nkungoti kakasi, tip yapita basi. Ndiye zomwe ndinawayankha alamu ndi zomwe ndikulemba panozi, kungoti pano ndatambasula. Vinyo wofiira wopepuka alipo, wakuti umamuika mu filiji pang'ono nkumamwa masana osamva ngati wameza bulangete. Madzi a mphesa, olo mphesazo zikhale zakuda bii, amakhala oyera. Kufiira kumachokera m'makoko, ndipo kuuma mkamwa kuja, komwe eni ntchito amati tannin, kumachokeranso m'makoko momwemo ndi m'njere. Mphesa ikakhala yaikulu, ya khungu lopyapyala, madzi amachuluka makoko nkuchepa, vinyo amatuluka wofiirira ngati madzi a chidede, kuwala kumadutsa mu tambula mpaka kuona zala zako mbali inayo. Wopangayo akathyola msanga shuga asanachuluke, ukali umathera pa 12 kapena 13 peresenti, nthawi zina kutsikirapo. Akapewanso migolo yatsopano ya oak yomwe imapatsa vinyo fungo la matabwa ndi vanila, chomwe chimatsala ndi chipatso chokhachokha ndi kuwawasa kotsitsimula.

Chomwe chimandisangalatsa nchakuti mphesa zopereka vinyo wotereyu zambiri ndi zija zinkanyozedwa, za anthu wamba, zomwe mabwana a vinyo sankafuna nkuzilemba komwe pa botolo. Zimandikumbutsa chimanga cha makolo, alangizi atabwera ndi haibulidi agogo anasungabe zitsononkho zawo pa tsindwi pa utsi osamva za munthu. Kusiyana kwake nkwakuti chimanga cha makolo ankachinena kuti sichitulutsa, pomwe mphesazi ankazinyoza chifukwa chobereka mopyola muyeso, zinali zodzadzira mathanki. Amene anazisunga ndi mabanja a minda ing'onoing'ono omwe analibe ndalama zozulira nkudzala zamakono, ndipo lero minda yakaleyo ndi yomwe anthu akuilimbirana. Mpesa ukakalamba umabereka zochepa koma zokoma kwambiri, mizu yake yapita pansi moti chilala sichiuopsa kwenikweni.

Ndiyambe ndi Cinsault chifukwa ndi amene ndimamudziwa bwino, ndimatsegula mabotolo ake pafupifupi tsiku lililonse. Amatchula kuti "sanso", ndipo ena amalemba Cinsaut opanda l, ndi chimodzimodzi musavutike. Kwawo ndi kummwera kwa France kotentha, koma kuno ku South Africa anakhazikika kalekale ndipo alimi ankamutcha Hermitage. Dzina limeneli musaliiwale chifukwa ndi lomwe linabala Pinotage yemwe ambiri mumamudziwa: pulofesa Abraham Perold wa ku Stellenbosch anakwatitsa Pinot Noir ndi Hermitage cha m'ma 1925, nkutenga Pino uku, tage uku. Ndiye Pinotage amene amadzaza mashelefu a ma shopu ndi mwana, Cinsault ndi kholo, koma kwa zaka zambiri mwana ndi amene ankadya ulemu kholo lili kukhitchini. Nthawi ya KWV, bungwe lomwe linayamba mu 1918 ndipo linkalamulira kuchuluka kwa mphesa zomwe mlimi angakolole mpaka 1992, mlimi ankaperekera mphesa zake ku kopaletivi nkulipidwa pa sikelo, ndiye mbewu yobereka matsango akuluakulu olemera inali bwenzi lake. Cinsault ankalowa m'mavinyo otchipa osakaniza, ankalowa mu brandy, ankalowanso mwakachetechete m'mavinyo ofiira apamwamba akale aja kuti afewe. Dziko litatseguka m'ma 1990 aliyense anathamangira Cabernet, Merlot ndi Shiraz zoti azungu akunja azigula, minda yambiri ya Cinsault inazulidwa.

Amene anatembenuza zinthu ndi kagulu ka opanga vinyo achinyamata a ku Swartland, dera la tirigu kumpoto kwa Cape Town, ukayenda ola limodzi pa N7 kulowera ku Malmesbury wafika. Eben Sadie wa Sadie Family Wines ali ndi Cinsault wotchedwa Pofadder, kutanthauza mphiri njoka ija, wochokera m'munda wakale ku phiri la Kasteelberg. Adi Badenhorst ndi msuweni wake Hein ali ndi famu ya Kalmoesfontein ku Paardeberg ndipo Cinsault wawo ndi Ramnasgras. Kufupi ndi Klapmuts kuli Natte Valleij ya banja la Milner, kumene Alex Milner anachita kumukonda Cinsault mpaka amapanga angapo osiyana, wina wa mphesa za ku Darling, wina za ku Stellenbosch, wina za ku Swartland, kuti munthu ulawe wekha mmene dothi limasinthira kakomedwe. Duncan Savage ali ndi Follow the Line, banja la Craven ku Stellenbosch nalonso lili ndi wake. Ndipo munda wakale kwambiri wa mphesa zofiira m'dziko muno ndi wa Cinsault yemweyu, uli ku Wellington, unadzalidwa mu 1900, vinyo wake amatuluka pansi pa dzina la Leeu Passant la Chris ndi Andrea Mullineux. Tangoganizani, mipesa imeneyo inali kale m'nthaka John Chilembwe akungoyamba kumene mishoni yake ku Mbombwe, ndipo mpaka lero ikuberekabe.

Ndinapitako kamodzi ku Swartland mwezi wa Febuluwale, bwana wathu anatitenga ma weta tonse kuti tikaone komwe zinthu timagulitsazi zimachokera, tinanyamuka mdima ulipo. Ine m'mutu mwanga munali mizere yokongola ya mawaya ija timaiona pa zithunzi, koma ayi ndithu. Mipesa yakaleyi ilibe waya, ilibe mtengo wouchirikiza, ndi zitsamba zofika m'mawondo zotalikirana, thunthu lake lopindikapindika lakuda ngati chitsa chopsa ndi moto wolusa, eni ake amati bosstok. Palibe mpopi olo umodzi, imadalira mvula ya m'nyengo yozizira basi. Matsango amabisala pansi pa masamba pafupi ndi dothi moti makina sangathyole, umachita kuwerama ndi kasizasi. Bambo wina wachikulire yemwe anzake ankamuitana kuti oom anandipatsa kasizasi kake kuti ndiyese, sindinamalize ndi kreti imodzi yomwe msana unali utayamba kale kuyankhula, iye akungoseka. Ndinalawa mphesa imodzi, yaikulu ngati nthudza yonenepa, madzi ambiri, khungu losavuta kutafuna. Pomwe 10 koloko imakwana kunja kunali kutatentha ngati ku Nsanje ndipo ntchito yothyola inali ikutha, paja mphesa zikalowa mu thanki zili zotentha zimawira mopupuluma fungo nkuthawa.

Kakomedwe kake nanga? Amene munakwerapo phiri la Zomba mukukumbukira ana aja amagulitsa ma sitiroberi ndi tizipatso tina tofiira m'mbali mwa msewu, fungo la m'kambale kameneko ndiye Cinsault wabwino, kuphatikizapo kafungo ka dothi louma likangodonthedwa ndi mvula yoyamba, ndi katsabola pang'ono kumapeto. Sauma mkamwa kwenikweni. Ubwino wina waukulu kwa ife ndi woti pa botolo pamakhala poyambira. Lamulo la kuno limati ukalemba dzina la mphesa pa lebulo, 85 peresenti ya vinyoyo ikhale ya mphesa imeneyo. Komanso pali kachidindo ka Certified Heritage Vineyards ka bungwe la Old Vine Project, ntchito yomwe inayamba ndi mayi Rosa Kruger amene ankayendayenda m'mafamu kusaka minda yakale nkumailemba. Kachidindoko kamaperekedwa ngati mipesa yakwana zaka 35 kupita mtsogolo, ndipo chaka chomwe munda unadzalidwa chimalembedwa pomwepo. Ndiye sukhala ukungomvera zokamba za wogulitsa.

Poipa pake palipo. Mayina akuluakulu ngati Pofadder ndi Leeu Passant ndi odula ndipo amatha msanga, ma lesitilanti ndi ogula akunja amakhala atasungitsa kale, inu ndi ine tisamadzivute nawo pokhapokha ngati pali chikondwerero chachikulu. Komanso poti Cinsault watchuka, makampani akuluakulu alowereranso, ena akungothira madzimadzi ofiirira opanda kanthu a mipesa yaing'ono yothiriridwa, ukamwa umangomva ngati juwisi wosungunula kwambiri. Bola kuyang'ana pakatikati, mabotolo oyambira a mabanja ngati Natte Valleij, amenewo mtengo wake munthu wolandira ma tip amaukwanitsa pakutha pa mwezi. Pali ndi wina amene ndimamutchula monyadira, Tinashe Nyamudoka wa ku Zimbabwe, anayamba ngati weta ngati ife tomwe nkudzakhala katswiri wa vinyo pa lesitilanti ya The Test Kitchen ku Cape Town kuno, pano ali ndi vinyo wake Kumusha, m'Chishona ndiye kuti kumudzi. Wofiira wake wina ndi wosakaniza Cabernet Sauvignon ndi Cinsault, wolemererako pang'ono, wabwino kwa munthu amene akuchoka ku mavinyo olemera koma sakufuna kudumpha kamodzinkamodzi.

Tsopano País wa ku Chile. Uyu ndi mkulu wa onse pa nkhani ya mbiri ya kutsidya kwa nyanja, anapita ku America ndi anthu a ku Spain ndi ansembe awo m'zaka za m'ma 1500 chifukwa misa imafuna vinyo, ndipo mphesa yomweyi ku California amati Mission, ku Argentina Criolla Chica, ku zilumba za Canary Listán Prieto. Dzina loti País limangotanthauza dziko, ngati mmene ife timanenera kuti nkhuku ya lokolo. Kwa zaka mazana ndi amene anali vinyo wa aliyense ku Chile, mpaka mabanja olemera a ku Santiago anayamba kuitanitsa mbewu za ku Bordeaux ku France m'zaka za m'ma 1800, País nkutsalira kummwera kwa alimi osauka a ku Maule, Itata ndi Bío-Bío. Kachilombo kotchedwa phylloxera komwe kanapululutsa minda ya ku Ulaya ndi ya kuno ku Cape sikanafike ku Chile, ndiye kuli mipesa yosamezanitsa, yoimirira pa mizu yakeyake, yopyola zaka 100, ina kuposa pamenepo kutalitali, ndipo m'mapiri ena amalimabe ndi akavalo.

Mmene amapangira kumudzi kwawoko mpamene ndimaona ngati ndikuonera amayi akufulula masese. Matsango amawakhuta ndi manja pa chithatha cha nsungwi chomwe amati zaranda, mphesa zimaphwanyika nkugwera pansi timitengo nkutsala pamwamba, kenako zimawira m'zimigolo zotsegula za mtengo wakwawo wa raulí popanda yisiti wogula. Vinyo wake amati pipeño, wa chaka chomwecho, womwera m'matambula wamba osati wosunga. Mfalansa wina, Louis-Antoine Luyt, ndi mmodzi mwa amene anamutulutsa kunja, amagwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono nkumaika vinyo wawo m'mabotolo a lita imodzi dzina la mudzi lili pa lebulo. Roberto Henríquez ku Bío-Bío naye ndi dzina lodalirika. Banja la Bouchon ku Maule lili ndi País Salvaje, wa mipesa yomwe inathawa m'munda nkukayanga m'mitengo ya m'nkhalango, pokolola amachita kukwera makwerero ngati akuthyola mango. Ku Itata komweko kulinso Cinsault wakale wambiri, ndiye mukaona botolo la ku Chile lolembedwa Cinsault Itata musadabwe, De Martino ali naye wotchedwa Viejas Tinajas wowiritsira m'mitsuko ikuluikulu yadothi.

Kunena mosabisa, País si wa aliyense. Mtundu ndi wotuwa kuposa Cinsault koma mkamwa amakanda pang'ono, ali ndi kafungo ka utsi ndi ka tchire, nthawi zina ka khola penipeni, ndipo botolo lina limasiyana ndi linzake olo lebulo ikhale imodzi. Ine ndimamukonda ndi nyama yootcha ya mafuta, kanyenya wa mbuzi wothira tsabola wa kambuzi, pamenepo kukanda kuja kumatsuka mafuta mkamwa. Koma ndinapatsapo mlongo wanga wina wozolowera vinyo wotsekemera wa mu bokosi, analawa kamodzi nkundibwezera tambula akuti "achimwene ichi chasasa." Sichinasase, ndi mmene chilili. Vuto lalikulu ndi kumupeza. Kuno ku South Africa dziko lili ndi vinyo wake wambiri, wa ku Chile amabwera wochepa ndipo País ndiye mwa apo ndi apo, ku Malawi ndiye musayembekezere nkomwe. Abale a ku UK ndi amene muli ndi mwayi, m'ma shopu ang'onoang'ono a vinyo ku London, Manchester kaya Edinburgh amapezeka ndipo sadula ngati a ku France. Mukamugula dziwaninso kuti alimi akewo ali pa mpanipani, minda yambiri inasanduka nkhalango za paini ndi bulugamu za makampani a matabwa, ndipo moto wolusa wa mu Febuluwale 2023 unaotcha minda ina yakale ku Itata.

Gamay ndiye wodziwika kale, sindichedwapo kwambiri. Naye ananyozedwapo, ndipo mwa boma: mu 1395 Philippe le Hardi, wolamulira dera la Burgundy ku France, analamula kuti Gamay azulidwe m'dziko lake ati ndi mbewu yoipa yosakhulupirika, ankafuna Pinot Noir. Gamay anakakhazikika kummwera pang'ono, ku Beaujolais kumpoto kwa mzinda wa Lyon, pa dothi la miyala ya granite pomwe amachita bwino zedi. Kumeneko matsango amawaponya athunthu mu thanki osaphwanya, mpweya wa kaboni umadzaza, mphesa iliyonse imayamba kuwira mkati mwa khungu lake, nchifukwa chake vinyo wake amanunkhira chipatso kwambiri osauma mkamwa.

Apa mpofunika kusamala chifukwa Beaujolais alipo wamitundu. Pali Beaujolais Nouveau amene amatulutsidwa Lachinayi lachitatu la Novembala chaka chilichonse, patangopita milungu yochepa chikololereni, ameneyo ndi wa chisangalalo chabe, nthawi zambiri amanunkhira nthochi ndi chingamu, ndipo ndi amene anaononga mbiri ya dera lonse m'ma 1980 ndi 1990 atachulukitsa. Mukamuona pa shelefu chaka chitatha musiyeni. Amene tikunena pano ndi wa midzi khumi yomwe amati ma cru, ndipo pa lebulo sipalembedwa Gamay kapena Beaujolais moonekera, pamalembedwa dzina la mudzi: Morgon, Fleurie, Moulin-à-Vent, Brouilly, Chiroubles, Juliénas ndi ina. Fleurie ndi Chiroubles ndi opepuka onunkhira maluwa, Morgon ndi Moulin-à-Vent ali ndi thupi ndipo amasungika zaka. Ku Morgon kunali alimi anayi, Marcel Lapierre, Jean Foillard, Guy Breton ndi Jean-Paul Thévenet, omwe anatsatira malangizo a katswiri wa vinyo Jules Chauvet nkusiya mankhwala ambiri m'munda, kusiya yisiti wogula, kuchepetsa salufa yemwe amathiridwa kuti vinyo asaonongeke, anzawo akuwaseka. Lapierre anamwalira mu 2010, ana ake Mathieu ndi Camille ndi amene akuyendetsa. Luyt wa ku Chile uja anaphunzira kwa Lapierre yemweyu, nde mukuona kuti ndi ulusi umodzi. Pa atatuwa Gamay wa cru ndi amene sakhumudwitsa kawirikawiri, wosalala, waulemu, woti ungapatse apongozi osaopa. Koma ukamugula ndi ma rand kapena makwacha umamva kuwawa, wadutsa nyanja, wadutsa msonkho, mtengo wa botolo limodzi la Foillard kuno ukhoza kugula Cinsault wabwino awiri kapena atatu.

Ena aliponso, Frappato wa ku Vittoria ku Sicily yemwe Arianna Occhipinti anamutchukitsa, ndi Poulsard wa ku Jura ku France wotuwa mpaka kumuyesa rosé, vinyo wa pinki uja. Onse ndi okoma koma kuwapeza kwake ndi kwa mwayi, Poulsard ndiye anthu amachita kulembetsa mayina, tisataye nthawi.

Ndiye tikaika pa sikelo zimatengera komwe muli ndi chomwe chili m'mbale. Muli ku Joni, ku Cape Town, ku Durban, kapena muli ndi m'bale wobwera kumudzi pa Disembala, Cinsault palibe mpikisano, ndi wapafupi, ndi wotsika mtengo pa ubwino womwewo, ndipo kachidindo kaja kamakuuzani zoona za munda. Muli ku UK, yambani ndi Fleurie kapena Brouilly wa mu supamaketi kuti muone ngati mtundu umenewu ukukukomerani, mukaukonda mukasake wa mabanja aja, País muzimugula tsiku lootcha nyama. Pa chakudya, chambo chootcha kapena chokazinga chimayenda bwino ndi Cinsault wozizira, zija amati nsomba ndi vinyo woyera basi zimagwa apa chifukwa chomwe chimadana ndi nsomba ndi tannin, ndipo uyu ali naye wochepa. Nkhuku ya lokolo ya msuzi wa tomato ndi mpunga wa Kilombero ndimaipatsa Gamay. Nyemba, nkhwani wotendera, zonsezi Cinsault amalowa osakangana nazo. Usipa wouma wokha ndi umene ndalephera kuupezera mnzake, vinyo aliyense amamveka chitsulo, pamenepo ingomwani madzi kaya Green.

Nkhani ya ulendo ndiyofunika kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo ine ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Chaka china ndinagula botolo labwino la wopanga wina amene sathira salufa pafupifupi konse, ndinalikulunga mu thawulo nkuliika mu chikwama chachikulu, chikwamacho chinalowa pansi pa basi. Tinakhala pa Beitbridge maola osawerengeka dzuwa lili pamutu, kenako kutentha kwa ku Tete, pofika pa Mwanza chikwama chinali ngati chatuluka mu uvuni. Nditafika kunyumba ndinapeza chotsekera chatukuka pang'ono, vinyo wadontha m'khosi mwa botolo thawulo lili ndi banga, titatsegula ankamveka ngati jamu wopsereza wothira viniga. Malume anamwabe, ati zaulere sizisasa, koma ine mtima unandipweteka. Vinyo wopepuka wopanda salufa wokwanira sapirira kutentha, pa atatuwa pipeño ndi ma Morgon achilengedwe aja ndi amene amafooka msanga. Ngati mukutumiza pa basi sankhani Cinsault wamba wa chotsekera chopotokola, mumuike pakati pa zovala m'chikwama cha m'manja, ndipo akafika asakhale pa windo kapena pamwamba pa filiji pomwe pamatentha, pansi pa bedi mpabwino.

Pali china chomwe sindingachidumphe poti ndinagwirako kasizasi kaja. Mawu oti "family" pa lebulo amanena za eni famu, sanena za amene amawerama m'munda. Mafamu a vinyo a ku Cape ali ndi mbiri yowawa ya dop, kulipira antchito ndi vinyo m'malo mwa ndalama, zomwe zinasiya uchidakwa m'mabanja mpaka lero ngakhale zinaletsedwa. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala akulandira R69 pa tsiku, ankafuna R150, boma linadzaika R105 chaka chotsatira. Masiku ano nyengo yokolola m'minda mumadzaza anthu a ku Eastern Cape, Lesotho, Zimbabwe ndi a kwathu omwe, ena mukuwerenga pano mwina munagwirako. Famu kukhala yaing'ono sizitanthauza kuti imalipira bwino, ilipo ina yabwino ilipo ina yankhanza ngati kwina kulikonse. Chomwe ndimachita ine ndikuyang'ana chizindikiro cha WIETA kapena Fairtrade, mabungwe oona za kasamalidwe ka antchito, ngati chilipo, ndipo wogulitsa akabwera ku lesitilanti kudzatilawitsa ndimamufunsa kuti amathyola ndani. Ena amayankha bwinobwino mpaka kutchula mayina a antchito awo, ena amayamba kukamba za nyengo.

Kamwedwe kake nkosavuta. Botolo likhale mu filiji mphindi 30 kapena 40 musanatsegule, lizizire ngati madzi a mu mtsuko osati ngati Fanta, cha m'ma 14 digiri. Magetsi akathima, zomwe sizachilendo, beseni la madzi ozizira ndi kansalu konyowa zimagwira ntchito. Likazizira kwambiri fungo limabisala, ingodikirani pang'ono m'manja libwerera. Mukatsegula malizani tsiku lomwelo kapena mawa lake, awa si a sabata. Ndipo kupepuka kusakunamizeni, 12.5 peresenti ndi kuposa kawiri mowa wa m'botolo womwe tinazolowera, amatsika ngati juwisi ndiye matsire ake amabwera mwaulemu koma amabwera, galimoto musiyire wina.

Alamu aja ndinawatumizira mabotolo awiri a Cinsault pa Disembala kudzera kwa mnzanga amene amapita pa ndege, limodzi la mphesa za ku Darling linalo za ku Swartland, ndinawauza kuti atsegule onse tsiku limodzi ndi chambo kuti andiuze kusiyana kwake. Voice note inabwera pa 26, kumbuyo kukumveka ana ndi wailesi. Akuti la ku Darling anamwa iwo ndi achemwali anga ndipo linatha nsomba isanapse, linalo analibisa mu wadiropu chifukwa kunabwera alendo ambiri, nde akufunsa ngati lingafike pa Isitala. Ndinawauza kuti lifika bola alichotse mu wadiropu ya pafupi ndi malata aliike pansi.